Chilombo cha Ulusi m'Nyumba ya Mayi Sheni

Fungo la lubani ndi limene linkatichingamira pakhomo m'nyengo yachisanu imeneyo. Linkachokera m'zipinda zapansi, n'kukwera masitepe athabwa pang'onopang'ono ngati nkhalamba ya nyamakazi. Likafika kwathu m'mwamba linkasakanikirana ndi fungo la masokosi onyowa amene amayi ankayanika pa chitsulo chotenthetsa m'nyumba. Lubani ndi masokosi. Inu amene mumati ku Amereka kumangonunkhira sopo, kanunkhizeni nokha. Ine ndikunena zimene mphuno yanga inakumana nazo ku South Bend.

Ndinali ndisanafike zaka khumi. Bambo anga anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo kwathu ku Dedza, ndipo mpingo unawatumiza kunja kuti akawonjezere maphunziro. Anatenga ine ndi amayi, pakuti azing'ono anga anali asanabadwe. Masiku amenewo Amalawi kunalibe kumeneko. Lero ukaponya mwala ku South Bend ugenda munthu wa ku Ntcheu akuchokera ku shifiti, koma nthawi imeneyo Chichewa chonse cha mumzindamo chinali m'kamwa mwa anthu atatu. Mmodzi mwa atatuwo, bambo anga, ankachitulutsa mosinira ngati mchere wopempha.

Mwini nyumba anali Mayi Sheni, mayi wachikulire wa ku Tchaina, wamfupi, wa tsitsi loyera lomangidwa kankhongo. Ntchito yawo inali yopeta ndi kukonza nsalu zakale za silika zimene anthu ankabwera nazo kuchokera kutali. Chingerezi chawo chinali chongokwana kugulira mkaka, cha amayi chinali chongokwana kuyankhira ameni, koma awiriwa ankamvana bwino kuposa anthu a m'mudzi umodzi. Masana amayi ankatsika n'kukakhala nawo kukhitchini. Maso a Mayi Sheni anali atayamba kutopa, choncho amayi ankawalowetsera ulusi m'singano ndi kuwang'ambira ulusi wa silika mpaka ukhale wopyapyala kuposa tsitsi la khanda. Kuseri kwa khitchiniko kunali chipinda chimene chitseko chake chinkakhala chotseka. Amayi sankalowamo, ndipo ine anandiuza kamodzi kokha kuti phazi langa lisapondemo.

Kunja kunali chipale chofewa chofika m'mawondo. Dzuwa linkatuluka ngati mkamwini wamanyazi, kusuzumira pang'ono n'kubwerera. Mitengo ya mumsewu mwathu inali mbulanda, mtsinje unali utaundana m'mphepete, ndipo anthu ankayenda atakwinyika m'majasi, utsi ukutuluka m'kamwa ngati onse akusuta fodya. Ndikachokera kusukulu zala zinkakhala zitafa, mamina ataumira pamlomo. Kunalibe mbuzi, kunalibe munthu wokhala pakhonde, kunalibe woti akufunse kuti ndiwe mwana wa ndani. Mwana akakhala pamalo a zii chonchi, mutu wake umadzilimira munda wakewake.

Tsono kuti mumvetse mantha anga, lolani ndikubwezeni kaye kumudzi. Kwawo kwa amayi ndi kwa gule wamkulu, ndipo malume anga a Kaduya anali munthu wa kudambwe, kumene zilombo zimakonzedwera. Ana tonse tinkadziwa lamulo. Chilombo ukhoza kuchiona pabwalo chikuvina, iwe utabisala kuseri kwa chitenje cha amako. Koma kuchiona chikukonzedwa, chisanathe, umenewo ndi mlandu. Mwana wotero eni ake amabwera kudzamutenga, amapita naye kumanda, ndipo akabwerako amakhala munthu wina, wosasekanso ndi anzake. Tinkauzana kubusa kuti njira yokhayo yopulumukira ndi kupereka nkhuku yamoyo msanga, eni akewo asanafike. Kaya zonsezi zinali zoona, kaya anyamata akuluakulu ankathirako tsabola, musandifunse ine. Mpaka lero ndine wosavinidwa, ndipo mano ochepa otsalawa ndikuwafunabe.

Koma m'nyumba mwathu dzina la gule silinkatchulidwa. Bambo anali atakhalapo pa milandu ya anthu odulidwa mu mpingo chifukwa chongoima pabwalo kuonerera. Amayi anali a Mvano enieni, a bulauzi yoyera ndi duku yoyera, ndipo ng'oma zikayamba kulira kwawo ankatseka mawindo n'kuyamba nyimbo. Ngakhale madzi a kunyumba kwa mlongo wawo sankamwa pa masiku otero.

Loweruka lina masana amayi anandituma kuti ndikabweze sizasi kwa Mayi Sheni. Kukhitchini ndinapeza kulibe munthu, ketulo yokha ikulira pa sitovu. Chitseko cha chipinda chija chinali chotseguka pang'ono, ndipo utsi wa lubani unkatuluka pampatapo ngati kachingwe. Ndinaodira monga mwana woleredwa bwino. Koma ku Amereka odi sayankhidwa. Ndinaodiranso, n'kukankha chitsekocho ndi chala chimodzi, n'kulowetsa mutu.

Pa chimango chathabwa chotsamira khoma panali patakungidwa nsalu yaitali kuposa bambo anga. Kansalu kachikasu kophimbira kanali katapindidwira m'mwamba. Pakati pa nsaluyo panaima chinthu chakuda bii ngati mtambo wa mvula yoyamba, cha mutu wa njati. Chinali ndi nyanga zosongoka, maso atatu otong'oka, kukamwa kuli yasa, mano ngati a fisi. Pamutu pake panandandalika zigaza za anthu, zonse zikuseka. Manja anali ambirimbiri ngati nthambi za mkuyu, lina litagwira mpeni, lina chingwe, lina belu, ndipo kumbuyo kwake kunkayaka malawi a moto. Zonsezi zinali ulusi wokhawokha, koma silika ali ndi khalidwe loipa. Ukasuntha mutu pang'ono, kuwala kumayenda pa ulusiwo, choncho motowo unkanyambita ndipo chifuwa cha njatiyo chinkapuma. Kenako ndinaona choopsa kuposa zonse. Dzanja limodzi la kumanzere linali losatha. Maulusi anali lendelende, ndipo singano inali itabayidwa pachigongono. Ndinali nditaona chilombo chikusokedwa.

Mayi Sheni ankavala masilipasi ansalu osamveka poyenda. Ndinangomva dzanja landigwira kolala, mawu akuthwa a chilankhulo chawo akundigwera m'khutu. Anandikokera kunja, analowa msanga n'kugwetsa kansalu kachikasu kaja, kenako anatseka chitseko n'kuima patsogolo pake, akuloza manja anga ndi kupukusa mutu. Lero ndikuganiza kuti ankaopa zala zanga, zimene zinali zonata ndi jamu. Koma tsiku limenelo ndinamva zimene mwana aliyense wa kwathu akanamva. Munthu savundikira chinthu mwachangu chonchi ngati sunaone zosayenera kuona.

Ndinakwera masitepe chothamanga. Ndinadzifunsa kuti dambwe lingakhale bwanji m'nyumba ya mawindo agalasi, ndiponso munthu wamkazi angasoke bwanji chilombo. Koma dziko limene madzi amagwa kumwamba ali ufa, n'chiyani chimene sichingatheke? Ndinaona kuti anthu a kuno manda awo ndi oyera mbee, opanda mitengo yobisalamo, ndiye n'chifukwa chake dambwe analilowetsa m'chipinda. Nzeru imeneyi inandikwanira ndithu. Mlandu ndinali nawo, ndipo munthu woti ndimuuze panalibe. Kuuza bambo kukanakhala kudzipereka kwa mkulu wa mpingo.

Patapita masiku, bambowo ndi amene anayambitsa nkhani ya nsaluyo tikudya. Anali atacheza ndi Mayi Sheni moleza mtima, mawu amodziamodzi, ndipo ankafotokoza ngati ali m'kalasi. Anati ndi chinthu cha chipembedzo cha Abuda. Chithunzicho anajambula ndi ansembe a ku Tibeti, dziko la pamwamba pa mapiri kuseri kwa Tchaina. Kale mafumu a ku Tchaina ankalemekeza ansembe amenewo, ndipo ankalamula amayi odziwa singano a m'mizinda ya silika kuti apete ndi ulusi zimene ansembewo ajambula. Nsaluyo ikatha ankaikweza pa nyama zonyamula katundu, ulendo wa miyezi, mpaka ikafike ku nyumba zopemphereramo za kumapiri. Nkhondo itabuka, munthu wina anathawa nayo ataikulunga kumsana, ndipo chinyezi ndi njenjete zinadya dzanja limodzi. Bambo anatsiriza ndi kunena kuti ntchitoyo ndi yaluso, koma ndi ulusi chabe, sungaone munthu. Ine ndinangoti mumtima, bambo inu sichinakuyang'aneni.

Ndinayamba kusaka nkhuku. M'sitolo yaikulu imene tinkagula zakudya zinalimo zambiri, koma zonse zopanda mitu, zopanda nthenga, zouma gwa ndi chisanu, ngati zinaweruzidwa kale pa milandu ya anthu ena. Pochokera kusukulu ndinkadutsa kuseri kwa nyumba za anthu n'kumasuzumira m'mipanda. Ndinkapeza agalu, magalimoto okwiririka, mabini a zinyalala, koma khola ayi. M'mawa ndinkatchera khutu kuti mwina ndimva tambala, koma chinkalira ndi sitima yopita ku Chicago. Ndinayesa kutchera nkhunda za pa mlatho ndi nyenyeswa za buledi, poganiza kuti nthenga ndi nthenga, koma nkhunda za ku Amereka zinapita kusukulu kuposa ine.

Nditasowa pogwira, tsiku lina ndinabisa ntchafu ya nkhuku yanga yapambale m'thumba la kabudula wamkati, n'kukaiika pakhomo pa chipinda chija, pa kapepala. Ndinaomba m'manja pang'ono n'kuthawa. Madzulo ake ndinaipeza pa sitepe yathu yoyamba, itakulungidwa bwinobwino. Sindinkadziwa kuti Mayi Sheni sadya nyama ndipo safuna fungo lake pafupi ndi ntchito yawo. Ndinangodziwa kuti chindapusa changa chakanidwa.

Kuchokera pamenepo chakudya chinasiya kutsika. Ndinkatafuna n'kumangozungulitsa m'kamwa. Masitepe a m'nyumba ndinawasiya, n'kumadzera a kunja achitsulo, oterera ndi ayezi, kuti ndisadutse pafupi ndi chitseko chija. Zitsulo zotenthetsa m'nyumba zili ndi chizolowezi chogogoda madzi otentha akamayenda m'mapaipi, ndipo kugogodako kunkachokera pansi kukwera m'mwamba, chipinda ndi chipinda, mpaka kufika pamene ndakhala. Ndinkati ndi dzanja lija, latha kusokedwa, likundifunafuna. Kabudula anayamba kukhwepa. Bambo anati ndi njoka zam'mimba, n'kundimwetsa mankhwala owawa. Koma ndinkaona maso a amayi akutsatira dzanja langa kuchokera pambale kupita kukamwa.

Chipale chitayamba kusungunuka, madenga akudontha ndi misewu itasanduka phala lakuda, bambo anabwera ndi uthenga. Anati ntchito ya Mayi Sheni yatha, ndipo eni ake a nsaluyo akubwera Loweruka kuchokera ku Indianapolis kudzatenga chawo. Ananena zimenezi akupaka majarini pa buledi. Eni ake akubwera kudzatenga. Ine Indianapolis ndinali ndisanamuonepo, koma pomwepo ndinamuona: manda aakulu a mitengo yowirira, kumapeto kwa msewu wautali, kumene amayi sakanadziwa njira yake.

Mawa lake masana, bambo ali kusukulu kwawo, ndinalowa m'kabati ya majasi n'kudzitsekera. Munkanunkha ubweya wonyowa ndi mankhwala a njenjete. Cholinga changa chinali chokhala mmenemo mpaka Loweruka lidutse, ngakhale kuti za kuchimbudzi sindinaziganizire. Amayi anandiitana m'zipinda zonse, kenako mapazi awo anaima pa kabatiyo.

"Filimoni, tuluka. Kodi wasanduka khoswe?"

Sindinatuluke, choncho iwo ndi amene anakhala pansi pakhomo pa kabatiyo, miyendo atatambasula ngati ali pamphasa. Nkhani yonse inatuluka pamodzi ndi mamina: sizasi, odi wosayankhidwa, njati, singano pachigongono, ntchafu yobwezedwa. Ndinkayembekeza khofi, kapena pemphero lalitali, kapena zonse ziwiri motsatizana. Amayi anayang'ana zikhadabo zawo.

"Unachiona chikusokedwa, ndi maso ako?"

Ndinavomera.

"Bambo ako wawauza?"

Ndinakana.

"Usawauze. Mlandu wa nkhuku umatha ndi nkhuku. Pukuta mphunozo."

Kutchalitchi kumene tinkapemphera kunali mzungu wina, mayi wojintcha wokoma mtima, amene ankayendetsa galimoto ngati wanyamula wodwala. Amayi anamuuza ndi Chingerezi chawo cha manja kuti nkhuku za m'sitolo zikumveka ngati thonje, ndipo akufuna yeniyeni yoti aphikire amuna awo. Mzunguyo anatitenga kupita kunja kwa mzinda, ku minda ya anthu a ndevu zazitali amene amayenda pa ngolo zakuda zokokedwa ndi akavalo. Kumeneko ndinamva fungo la ndowe koyamba chichokereni kwathu, ndipo ndinatsala pang'ono kulira. Mkazi wa mlimi wina anatilowetsa m'khola. Amayi sanathamangire. Anagwira iyi, anapima iyo m'manja, anayang'ana m'maso ndi kumapazi, monga amachitira munthu wosankha nkhuku yopita nayo kwa akuluakulu. Anasankha thadzi lofiira lonenepa, n'kusiya m'malo mwake nsalu ya patebulo imene anapeta okha maluwa m'makona. Tinabwerera thadzilo lili m'katoni yoboola, pamiyendo panga, mtima wake ndi wanga zikupikisana.

Thadzilo linagona m'bafa. Bambo ataliona anasangalala kwambiri, n'kuyamba kukamba za msuzi wa Lamlungu, za chiwindi ndi nthutumba zimene ankati ndi za mwini khomo. Amayi anangoti tiona.

Loweruka bambo anapita ku laibulale m'mamawa. Chakumasana galimoto yaitali inaima pakhomo, ndipo ine ndinali pawindo, mphuno itakanikiza galasi. Munatuluka anthu awiri. Woyendetsa anali mnyamata wa jekete wamba. Winayo anali bambo wachikulire wovala nsalu yofiirira yozungulira thupi lonse, mutu wometa mpala ngati wochokera kumaliro, ndipo mkono umodzi unali pamtunda m'chisanu chonsecho. Munthu wosamva kuzizira chonchi, ndinati, ameneyu ndiye mwini dambwe. Mikodzo inatsala pang'ono kundipereka. Amayi anamanga chitenje pamwamba pa diresi, koma ndinaona kuti duku yoyera ija aisiya pa msomali, avala ina yamaluwa. Anapanira thadzi m'khwapa, dzanja lina n'kugwira mkono wanga, ndipo tinatsika masitepe a m'nyumba, omwe aja ndinawathawa.

Chitseko cha chipinda chinali chotsegula. Nsaluyo inali itachotsedwa pa chimango n'kupachikidwa, yophimbidwa ndi kansalu kake kachikasu, ndipo bambo wa mpala uja, amene anali wansembe, anali ataima patsogolo pake manja ataphatikiza. Amayi sanalowe. Anagwada pakhomo pomwepo, anandikokera pansi kuti nanenso ndigwade, anaika thadzi patsogolo ataligwira mapiko, n'kuomba m'manja mofatsa. Kenako analankhula Chichewa chozama cha kwawo, chimene ndinali ndisanawamvepo akulankhula.

"Eni ake, tabwera. Mwanayu anaona zimene sayenera kuona. Sanadziwe, ndi mwana. Nayi nkhuku, mlandu uthere pano. Mwana wanga asapite."

Palibe anamva ngakhale liwu limodzi. Mayi Sheni anayang'ana thadzi, anayang'ana amayi, n'kuyang'ana wansembe. Mayi Sheni ndi wansembeyo anayamba kulankhulana mofulumira, ndipo ine ndinkayang'ana mapazi a bamboyo, kudikira kuti asunthe kubwera kwa ine. Anasunthadi. Anafika pafupi, fungo la lubani ndi batala lili m'nsalu zake, n'kuwerama. Koma manja ake anandipitirira. Ananyamula thadzilo mwaulemu ngati khanda, nkhope yake yonse itachita makwinya a chimwemwe. Analiyandikiza kukamwa n'kuyamba kung'ung'udza mawu a pansipansi ngati njuchi zili m'mphako, kenako analiuzira mpweya pamutu. Mayi Sheni anathamangira ku dengu lawo, anadula ulusi wofiira wa silika, wotsala pa malawi a moto aja, n'kuumangirira paphiko la thadzilo. Wansembeyo anadutsitsa chala pakhosi pake, anapukusa mutu mwamphamvu, n'kunena mawu awiri a Chingerezi amene ngakhale ine ndinawamva. Anati palibe kufa.

Ankanena za nkhuku, koma ine ndinadzitengera. Ndinakhala pansi pa mapazi anga. Bamboyo ataona misozi yanga anandisisita mutu, anapempha ulusi wina, n'kuumanga padzanja langa. Amayi anaombanso m'manja, anathokoza, ndipo tinabwerera chafutambuyo. Titafika pakati pa masitepe anaima, anakweza dzanja langa kukamwa kwawo, n'kudula ulusiwo ndi mano.

"Mlandu watha. Zinazi ndi zawo."

Ndinabwerera pawindo. Anatulutsa nsaluyo itakulungidwa pa ndodo yake, yaitali ngati mtembo wa munthu wowonda, n'kuigoneka mosamala kumbuyo kwa galimoto. Wansembe anakhala kutsogolo, thadzi lili pamiyendo, mutu wake wofiira ukusuzumira pagalasi. Galimoto inakhota pakona, kulowera ku Indianapolis, ndipo munali chilombo, munali nkhuku, ine munalibe. Tsiku limenelo ndinadya mbatata, nyemba, buledi, ndi zotsala za dzulo lake, mpaka amayi anandilanda mbale. Bambo atabwera n'kupeza m'bafa muli nthenga zokha, amayi anawauza kuti kunabwera alendo a Mayi Sheni, ndipo mlendo sabwerera chimanjamanja. Bambo anadandaula za nthutumba yawo mpaka Pasaka.

Sitinakhalitse kunjako. Titabwerera kwathu bambo anamwalira, sukulu yanga inathera Sitandade sikisi, ndipo moyo wanga wonse ndinaudya pa chiwongolero cha malole. Ukalamba ndi umene wandibweza ku Indiana. Ndimakhala ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis yemwe uja, kwa mwana wanga wamkazi amene ndi namwino. Manda a mitengo yowirira ndawafunafuna, koma ndangopeza misewu yodutsana m'mwamba ndi malo oimika magalimoto.

Chaka chatha mwana wangayo anaitana mnzake wa kuntchito kudzadya nafe, bambo wa ku Tibeti wodekha kwambiri. Nditamva kwawo, ndinamukhazika pansi n'kumuuza nkhani yonseyi, mwana wanga akumasulira pamene Chingerezi changa cha m'malole chaphwa matayala. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Adzukulu anga, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno, anagamula kuti agogo akunama. Mlendoyo anawatsutsa. Anati kwawo munthu akawombola chiweto chimene chimayenera kuphedwa, n'kuchipereka kuti chikhale ndi moyo, imeneyo ndi mphatso yaikulu, ndipo amachimanga ulusi kuti aliyense adziwe kuti mpeni suchikhudza. Wansembe uja ayenera kuti anaganiza kuti mayi wa ku Afirika wabwera kudzadalitsa ulendo wa nsaluyo. Anatinso nkhope ya njati ija siopsezera ana, koma kuopseza imfa yeniyeniyo. Za kansalu kachikasu anati n'koteteza fumbi ndi utsi, komanso maso a munthu amene sanakonzekere. Pamenepo ndinayang'ana adzukulu aja. Paja ndiye kuti sindinaphonye kwenikweni.

Choncho pakhomo paja panagwada anthu a mlandu, panaima anthu a mphatso, ndipo aliyense anapita kwawo atakhutira kuti mnzake wamumva. Mwina ndi mmenenso nsaluyo inabadwira, ena kujambula za kumapiri kwawo, ena kusoka ndi ulusi wa kuzigwa kwawo, chinthu n'kutuluka chamoyo. Zimenezo ndisiyire ophunzira.

Ine chimene ndimaganizira ndi china. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti chilombo chinandikhululukira chifukwa nkhuku inali yonenepa. Ine ndi amayi sitinakambiranenso nkhaniyi mpaka tsiku limene tinawaika, ndipo sindikhulupirira kuti ankaopa njati ya ulusi ngakhale pang'ono. Akanatha kundiuza kuti zonsezo ndi zachabe, ndipo akananena zoona monga mwa chikhulupiriro chawo. Koma ankadziwa kuti mantha amene analowa m'Chichewa cha kubusa sangatuluke ndi ulaliki. Mayi amene ankatseka mawindo ng'oma zikalira kwa mlongo wawo anagwada pansi m'dziko la eni, pamaso pa chinthu chimene sankachipembedza, n'kupepesa mlandu umene kunalibe. Anatero chifukwa mwana wawo anali atasiya kudya.